Kupalasa njinga m'misewu ya m'nkhalango pa phiri la Zomba: mmene mungayambire

Mukangodutsa pa hotela ya Ku Chawe n'kusiya phula kumbuyo, phokoso la tauni limatheratu. Mumangomva matayala akukukuta timiyala, mphepo ikuwomba m'mitengo ya paini, ndi befu wanu yemwe. Misewu ya pamwamba pa phiri la Zomba inalambulidwa kuti anthu a zankhalango azidzala, kusamalira ndi kututa mitengo, ndiye ndi yafumbi, ya miyala, yokhotakhota, ndipo mutha kupalasa nthawi yaitali osakumana ndi galimoto. Kwa munthu amene anazolowera kuthawira m'ngalande minibasi ikamuimbira hutala, pamenepa ndi popumira mtima.

Koma ndinene poyambirira pomwe, chifukwa zonse zimene ndilembe pano zatsamira pamenepa. Anthu ambiri amaopa chitunda. Chitunda chimangotopetsa, ukalephera umatsika n'kukankha. Chimene chimavulaza anthu pa phirili ndi mtsetse. Choncho pokonzekera, muziganiza kwambiri za mmene mutsikire kuposa mmene mukwerere.

Yambani ndi njinga imene muli nayo

Masiku ano kuli njinga zopangidwira misewu yamiyala, za mahandulo okhota ngati za mpikisano koma matayala ake onenepa, a mamilimita 38 mpaka 45. Ndi zabwino, koma musadikire kuti mugule imeneyo. Njinga ya magiya ya pa kaunjika, ya matayala a zibulubulu, imakwanira bwino lomwe. Chofunika ndi zinthu zitatu: ikhale ndi giya yopepuka yokwerera chitunda, matayala otambalala, ndi mabuleki ogwira kutsogolo ndi kumbuyo. Njinga yopanda magiya, ya mabuleki a zitsulo ngati ya kabaza, imafika pamwamba ndithu, anthu amakwera nazo tsiku ndi tsiku, koma muzingokankha theka la ulendo ndipo potsika manja adzakuthani mphamvu. Ya matayala owonda ngati chala ija isiyeni pa phula.

Dzulo lake la ulendo, igadabuzeni njingayo muione bwinobwino, kapena pitani nayo kwa wokonza njinga wodalirika muime pomwepo akamaikonza. Yambani ndi mabuleki. Tiziphathi ta labala tija timakhala ndi mizere; ngati mizereyo yafufutika, gulani tatsopano, musanyengerere. Finyani buleki iliyonse mwamphamvu: chogwirira chisafike pogunda handulo. Onani waya ngati wayamba kumasuka ulusi pafupi ndi nati, chifukwa waya wotero amaduka pa nthawi imene mukumufuna kwambiri. Zunguzani tayala lililonse muone ngati limu likuyenda mowongoka, ndipo gwiranigwirani masipoko kuti mupeze olobodoka. Gwirani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga uku ndi uku. Mukamva kugogoda m'khosi mwake, pakufunika kumanga. Tcheni chipukuteni ndi kansanza, dontheza oilo pang'ono, kenako pukutaninso. Oilo wochuluka amaitana fumbi, ndipo fumbi losakanikirana ndi oilo limadya tcheni ngati tupa.

Chishalo chikwezeni. Khalani pamenepo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi, bondo lidzapinda pang'ono pokha, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ambiri timapalasa chishalo chili pansi kwambiri, ndiye mawondo amayamba kulira tisanafike n'komwe pa damu la Mulunguzi.

Mpweya wa m'matayala

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene chizolowezi chathu chimatipusitsa. Tinakula tikupopa tayala mpaka liume gwa, poti njinga kwathu ndi yonyamula matumba. Pa miyala, tayala louma limadumphadumpha, siligwira nthaka, ndipo pakona limakutayani. Phwetsani pang'ono. Mukalikanikiza ndi chala chachikulu lizilowa pang'ono, ndipo mukakhala pa chishalo lizioneka kuti laphwanyalala pang'ono pansi, osati kufika pa limu. Ngati pampu yanu ili ndi geji, tayala la mamilimita 40 yambani nalo pa 35 mpaka 40 psi, la njinga ya m'mapiri pa 30 kapena kutsikirapo pang'ono, kenako muzisintha malinga ndi thupi lanu. Wonenepa awonjezere. Lakutsogolo likhale lofewerapo kuposa lakumbuyo. Mukaphwetsa mopitirira, chubu chimapanidwa pakati pa mwala ndi limu n'kubooka malo awiri oyandikana, ngati yaluma njoka. Mukaona timabowo tiwiri totero, dziwani kuti mpweya unachepa, si minga ayi.

Nyengo ndi nthawi yonyamukira

Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha, misewu itauma koma fumbi lisanachuluke. Kungoti Juni ndi Julaye kumazizira zedi, ndipo chiperoni chikabwera nkhungu imaphimba phiri mwadzidzidzi moti simuona ngakhale mtengo uli patsogolo panu. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, ndiye mukanyamuka m'tauni mutavala malaya okha, pamwamba mukanjenjemera, makamaka potsika thukuta litauma. Seputembala ndi Okutobala kumatentha, ndiponso ndi nthawi ya moto wolusa. Mukaona utsi kutsogolo, bwererani, moto wa m'paini umathamanga kuposa mmene mungaganizire. Nthawi ya dzinja dothi lofiira lija limaterera ngati sopo ndipo limamatirira m'matayala mpaka njinga kukana kuyenda.

Nyamukani m'mamawa, 6 koloko kapena 7. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo m'nkhalango mdima umafulumira. Dziikireni lamulo lakuti ikamakwana 2 koloko masana mukhale mutatembenuka, kaya mwafika kumene mumafuna kaya ayi. Uzani munthu wina kunyumba njira imene mudzere ndi nthawi yobwerera. Ndipo ulendo woyamba musapite nokha.

Za m'chikwama

Madzi malita awiri, osachepera. Botolo limodzi muthiremo Thanzi, kapena sakanizani nokha masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Chakudya chikhale chodyeka muli chiimire: nthochi, mtedza wokazinga, mbatata yootcha, zitumbuwa. Muzidya njala isanakupwetekeni, pang'onopang'ono ola lililonse. Njala ya pa njinga imabwera ngati wazimitsa nyali, miyendo imangoti zii, mutu waa, ndipo ikafika pamenepo kudya sikuthandiza msanga.

Zida: chubu chapadera chimodzi kapena ziwiri, pampu yogwirizana ndi valavu yanu (iyeseni kunyumba), zigamba ndi guluu wake, tizitsulo totsegulira tayala, sipanala ya manati a matayala ngati njinga yanu ili ya manati, ma Allen key, ndi lamba wa chubu chakale, amene amamanga chilichonse. Onjezani jekete yopepuka, bandeji, ndalama zapang'ono zosinthasintha, ndi foni yodzaza moto. Netiweki pa phiri imabwera n'kuthawa, ndiye tsitsiranitu mapu a dera lonselo mu foni mukadali m'tauni, pa Google Maps kapena OsmAnd. Chipewa cholimba chija valani, mumange ndi lamba wake. Magolovesi nawo ndi ofunika, popeza munthu akamagwa amatsogoza zikhatho.

Sankhani njira yolingana ndi miyendo yanu

Kuchoka m'tauni kufika pa Ku Chawe ndi phula, koma ndi chitunda chosapumitsa, chokhotakhota, ndipo ndi gawo lokhalo limene mumalimbirana msewu ndi magalimoto. Ngati mukungoyamba kumene, palibe chamanyazi kukweza njinga pa galimoto mpaka pamwamba n'kuyambira pomwepo. Mphamvu zanu mukazigwiritsire ntchito m'nkhalango.

Ulendo woyamba ukhale waufupi: kuchoka pa Ku Chawe, kuzungulira cha ku damu la Mulunguzi, kuona mathithi a Mandala, kukwera motsata mtsinje mpaka pa mathithi a Williams, n'kubwerera. Umenewu ukuphunzitsani mmene njinga yanu imachitira pa miyala popanda kukutayitsani kutali ndi anthu. Ulendo wachiwiri pitirirani mpaka ku damu laling'ono la Chagwa, kenako ku Queen's View ndi Emperor's View, malo awiri oyandikana a m'mphepete mwa phompho. Oyambawo anatchedwa dzinali pokumbukira mayi wa Mfumukazi Elizabeth amene anafika m'dziko muno mu 1957, achiwiriwo pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anabwera mu 1965. Kukakhala kopanda nkhungu mumaona tauni yonse pansi panu, nyanja ya Chilwa ikunyezimira, ndi phiri la Mulanje litatundumuka chapatali. Dzenje la Chingwe, kumbali yoyang'ana chigwa cha Shire, lisungireni tsiku limene miyendo yakhwima, chifukwa ndi kutali ndipo njira yake ili ndi malo oipa.

Mphambano za pa phirili n'zambiri ndipo zambiri zilibe zikwangwani. Malo amene chaka chatha munadutsa mumthunzi, chaka chino mupeza zitsa zokhazokha, ndi tinjira tatsopano ta malole onyamula matabwa. Musadalire kukumbukira mitengo. Cha pa Ku Chawe pamakhala anyamata operekeza alendo amene amalidziwa phirili ngati khonde la kwawo. Kambiranani nawo njira musanalowe, ndipo ngati mwatenga mmodzi, gwirizanani mtengo musananyamuke. Pa mphambano iliyonse, imani, chewukani, muone mmene ikuonekera kwa munthu wobwerera.

Pokwera

Sinthani giya chitunda chisanakugwireni. Mukasintha mutaponda kale mwamphamvu, tcheni chimalira, chimadumpha, mwinanso kuduka. Sankhani giya yoti miyendo izizungulira mopepuka, ndipo liwiro likhale loti mutha kulankhula ndi mnzanu osabanika. Khalani pa chishalo. Pa phula tinazolowera kuimirira pa mapedulo chitunda chikakula, koma pa miyala mukaimirira tayala lakumbuyo limapepuka n'kungopalasa pamodzimodzi. Chitunda chikakula kwambiri sunthirani kutsogolo kwa chishalo, weramitsani chifuwa cha ku mahandulo, zigongono zipinde, kuti tayala lakutsogolo lisadzuke. Yang'anani mzere wolimba, kawirikawiri umene matayala a lole anapondaponda, mupewe pakati pamene miyala imaunjikana. Zikakanika, tsikani mukankhe. Amene amalidziwa phirili onse amakankhapo.

Potsika

Musanayambe mtsetse wautali, imani. Valani jekete, mwani madzi, finyani mabuleki onse muone ngati akugwira, ndipo ngati chishalo chimatsika mosavuta chitsitseni pang'ono.

Thupi likhale motere: mapedulo alingane, wina kutsogolo wina kumbuyo, matako anyamuke pang'ono pa chishalo n'kusunthira chakumbuyo, mawondo ndi zigongono zikhale zofewa kuti zizimeza mabampu. Mahandulo agwireni molimba moti sangakupulumukeni, koma osati mochita kuumitsa mapewa. Njinga isiyeni izivina pansi panu. Zala zikhale pa mabuleki nthawi yonse.

Mabuleki gwirani onse awiri pamodzi, mofatsa, ngati mukufinya mandimu, osati kutswinya kamodzi. Yakutsogolo ndi imene ili ndi mphamvu zoimitsa, koma ndi yomwenso imagwetsa mukaigwira mwadzidzidzi pa miyala yoseweraseweka kapena muli pakati pa kona. Yakumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala. Lamulo lake ndi ili: chepetsani liwiro msewu ukadali wowongoka, kona musanalowe, ndipo mukalowa masulani pang'ono kuti matayala azigudubuzika. Pedulo ya kunja kwa kona ikhale pansi, muipondereze. Maso aone kumene mukufuna kupita. Mukayang'anitsitsa mwala, mwalawo muugunda. Mukayang'ana phompho, njinga ilowera komweko.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi khungu la pa mkono. Ndinkatsika kuchokera ku Chagwa tsiku lina m'mwezi wa Julaye, msewu uli wouma bwinobwino, mpaka ndinafika pa kona ina ya mumthunzi pamene masamba a paini anaunjikana. Pamwamba ankaoneka ouma, pansi pake panali chinyontho cha mame. Ndinaona kuti ndathamanga, ndinafinya buleki yakutsogolo ndili kale m'kona, ndipo tayala linangochoka pansi panga osachenjeza. Bambo wina amene ankatsika ndi mtolo wa nkhuni anautula, n'kundidzutsa. "Pepani achimwene. Masamba amenewa ndi oipa, ngakhale ife a pansi amatigwetsa." Anandithandiza kuwongola mahandulo atapana tayala pakati pa mawondo ake, n'kusenzanso mtolo wake. Kuyambira tsiku limenelo, paliponse pamene msewu wasintha mtundu, kaya wada, kaya wafiira, kaya wakutidwa ndi masamba, ndimachepetsa liwiro ndisanafikepo.

Samalaninso ndi ngalande zimene madzi amvula anakumba. Zopingasa msewu zidutseni mwachindunji, mutamasula mabuleki, thupi lili chakumbuyo. Zotsata msewu ndiye zoopsa: tayala likalowamo musalimbane nalo kuti lituluke, pitani nayo ngalandeyo mukuchepetsa liwiro mpaka muime kapena ithe yokha. Pa mtsetse wautali, makamaka wa phula wobwerera m'tauni, musakhwekhwereze mabuleki osalekeza. Malimu amatentha, labala amafewa, mabuleki amayamba kunama, ndipo chubu chikhoza kuphulika. Gwirani, masulani, gwiraninso. Muziima apo ndi apo, mukhudze limu ndi kuseri kwa chala; ngati likuotcha, dikirani lizizire. Manja nawo apume.

Njirayi si yanu nokha

Tikati mulibe magalimoto sitikutanthauza kuti mulibe anthu. Kwa inu ndi masewera, koma kwa ena misewu imeneyi ndi kuntchito. Mukumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, amuna atanyamula matabwa pamutu kapena atasanja nkhuni pa njinga mpaka kupitirira mutu, ana akugulitsa mabulosi ndi masitiroberi m'timbale. Munthu wosenza katundu wotero sangatembenuke msanga, ndipo akatembenuka mtolo wake umasesa msewu wonse. Chepetsani liwiro mukadali patali, imbani belu kamodzi kapena nenani mawu: "Zikomo mayi, ndidutse nawo kumanjaku." Dikirani akumveni. Patsani moni, "Mwaswera bwanji bambo," ngakhale muli ndi befu. Njira ikachepa, wopatuka ndinu, amene simunasenze kanthu. Ndipo pa kona iliyonse yosaoneka kutsogolo khalani kumanzere, muziyesa kuti kuseriko kukubwera lole ya mitengo, chifukwa tsiku lina idzabweradi.

Anyani mukawapeza pamsewu, imani patali, musaonetse chakudya, apatuka okha. Njoka yoothera dzuwa ipatseni mpata.

Chinthu china chimene ndimachitenga mwamphamvu: madzi a Mulunguzi ndi amene anthu a mu mzinda wa Zomba amamwa. Musatsukire njinga mu mtsinje kapena m'damu, oilo wa tcheni asalowemo, ndipo mapepala a bisiketi, mabotolo ndi chubu chobooka mubwerere nazo m'chikwama. Ndudu ndi machesi m'nyengo yotentha zisayake n'komwe m'nkhalango.

Tayala likaphwa

Lidzaphwa ndithu, tsiku lina. Chokani pakati pa msewu, pezani mthunzi. Ngati ndi lakumbuyo, ikani tcheni pa kagiya kakang'ono kwambiri ka pa tayalalo musanalichotse, kuti lidzabwerere mosavuta. Tsegulani mbali imodzi ya tayala, tulutsani chubu, ndipo musanaike chatsopano yendetsani zala pang'onopang'ono m'kati mwa tayala monse kufunafuna munga kapena kawaya. Ambiri amadumpha pamenepa, n'kuboolanso chubu chatsopano asanayende mamita 100. Popani chubu chatsopanocho pang'ono kuti chiumbike, chilowetseni kuyambira pa valavu, bwezerani tayala ndi manja, muonetsetse kuti chubu sichinapanidwe m'mphepete, kenako popani.

Zikatha zapadera, matani. Popani chubu chobookacho, chiyendetseni pafupi ndi mlomo kapena tsaya kuti mumve pamene pakutuluka mpweya. Palani malowo ndi sandipepa mpaka achite mbuu, pakani guluu wopyapyala malo okulirapo kuposa chigamba, ndipo dikirani aume mpaka asiye kunyezimira. Kufulumira kumata guluu ali wamadzi ndi kumene kumachititsa kuti chigamba chimatuke. Kanikizani mwamphamvu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Tayala lenilenilo likang'ambika m'mbali, pindani pepala lolimba la pulasitiki kapena ndalama yapepala, muike m'kati pong'ambikapo kuti chubu chisatuluke, popani pang'ono, ndipo mubwerere pang'onopang'ono.

Mukafika kunyumba

Musaiponye njinga pakhonde n'kuiwala. Itsukeni ndi ndowa ndi kansanza tsiku lomwelo, fumbi lofiira lisanaume m'magiya, koma musathire madzi amphamvu m'mahabu. Pukutani malimu, onaninso tiziphathi ta mabuleki, chifukwa ulendo umodzi wotsika phirili umatha kudya labala amene m'tauni akanakhala miyezi. Donthezani oilo pa tcheni chikauma. Chubu chobooka chija chimateni madzulo omwewo muli pampando, muchipope n'kuchisiya usiku wonse. Chikadzuka chili chotupa, chipindeni muchibwezere m'chikwama pamodzi ndi pampu.